Ma twin cab ndi oyenda pansi kuno ku Mangochi: munthu akagundidwa, abale ayambire pati?

Abiti_Namiasi:
Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi dandaulo komanso funso. Lachisanu masana misonkhano ya kunyanja ikatha, msewu wa Monkey Bay umadzaza ma twin cab, ena akuthamangira ku Zomba ndi ku Blantyre kudzera pa Boma, ena ku Lilongwe kudzera ku Golomoti. Nthawi yake ndi yomweyo imene ana akuweruka kusukulu, amayi akuchokera kugombe ndi mabeseni a usipa pamutu, abambo akutuluka mumzikiti. Pa Makawa ndi pa Namiasi malonda ali m'mphepete mwenimweni mwa tala. Chikundiwawa n'chakuti wogundidwa ndi galimoto zimenezi kawirikawiri sadzukanso, pamene wogundidwa ndi kagalimoto kakang'ono amathyoka mwendo n'kuchira. N'chifukwa chiyani? Chachiwiri, mwini galimoto akabwera pamaliro ndi matumba awiri a ufa, ndiwo, ndi ndalama ya sanda kapena bokosi, abale n'kulandira, ndiye kuti mlandu wathera pomwepo? Anthu kumudzi akuuzidwa choncho. Odziwa tithandizeni.

Makaniko_Mbaluku:
Mayi, yankho la funso loyambalo lili pa boneti. Kaimeni pafupi ndi Corolla: bampala ikufikani m'maondo, boneti ndi yotsetsereka. Ikagunda munthu wamkulu imamusesa miyendo, iye n'kugwera pamwamba pa boneti, lata lake lopyapyala n'kupindika, ndipo mphamvu ina imathera m'kupindikako. Tsopano kaimeni pafupi ndi Hilux, Ranger kapena D-Max ya masiku ano. Kumaso kwake n'koimirira ngati khoma, ndipo nsonga ya boneti ili pamwamba kupitirira mita imodzi kuchokera pansi. Kwa bambo wamtali pamenepo ndi m'chiuno ndi m'mimba, kwa mayi wamfupi ndi pachifuwa, kwa mwana wa Sitandade 2 ndi m'mutu. Munthu sagwera pamwamba ayi. Amakankhidwira kutsogolo n'kugwa pa tala galimoto ikubwerabe, ndipo kunsi kwake n'kokwera moti thupi limalowa pansi, matayala n'kudutsapo. Galimotoyo payokha imalemera matani awiri isanapakire kanthu.

Ku America bungwe lofufuza za chitetezo cha pamsewu la IIHS linaunika ngozi pafupifupi 18,000 za oyenda pansi, ndipo mu 2023 linatulutsa zotsatira: galimoto za boneti yokwera kupitirira masentimita 102 zimapha woyenda pansi mowirikiza ndi 45 peresenti poyerekeza ndi za boneti yotsetsereka yosapitirira masentimita 76. Kuno tikuwonjezerapo zathu ziwiri. Ena amakweza galimoto ndi matayala akuluakulu kuti ipirire msewu wa Makanjira. Ena amawotcherera bull bar ya mapaipi achitsulo yomangirira pa chasisi. Bampala ya kufakitale ndi pulasitiki yokhala ndi mpata kumbuyo kwake, anaipanga kuti iphwanyike. Paipi siphwanyika, chimaphwanyika ndi fupa.

Dalaivala_wa_Project:
Zoona, koma bull bar sitiika chifukwa cha matama. Usiku pakati pa Chimwala ndi Ulongwe mbuzi ndi ng'ombe zimagona pa tala. Radiyeta ikabooka pamenepo wagona m'tchire.

Makaniko_Mbaluku:
Achimwene, radiyeta timawotcherera kapena kugula ina. Ku Ulaya anaika malamulo okhwima pa ma bull bar olimba chifukwa cha oyenda pansi omwewa. Galimoto imene tsiku lonse ikuyenda pakati pa Boma ndi Koche, pakati pa anthu, chitsulocho chikuteteza chiyani?

Namwino_Usiku:
Ndiwonjezere za thupi, chifukwa pamenepa abale amalakwitsa ndi mtima wabwino. Wogundidwa m'mimba ndi m'chiuno akhoza kudzuka, kuyankhula bwinobwino, kunja kulibe bala lalikulu, koma kapamba kapena chiwindi chang'ambika ndipo magazi akutayikira m'kati. Mafupa a m'chiuno akasweka munthu amataya magazi ochuluka osatuluka dontho panja. Zizindikiro zake: milomo ndi zikhatho kuyera, thukuta lozizira, ludzu lalikulu, mimba kulimba, kupuma mwaphuma, kuyamba kusokonezeka. Ludzulo ndi limene limapangitsa anthu kuthamangira madzi. Musampatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina akupita kuchipinda cha opaleshoni ndipo akhoza kusanza n'kutsamwa.

Pomunyamula pafunika anthu anayi. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti khosi lisagwedezeke, enawo anyamule thupi lonse pamodzi n'kumugoneka pa chitseko kapena thabwa. Ngati mukukayikira chiuno, mangani chitenje mothina mozungulira matako ndi pamwamba pa ntchafu, mawondo mophatikiza. Bala lotuluka magazi likanikizeni ndi nsalu yoyera osachotsachotsa kuti muone. Kumukhazika pa njinga yamoto pakati pa anthu awiri, mutu uli lendelende, ndiko kumamaliza anthu amene akanapulumuka. Kumbuyo kwa pickup yomweyo kumagona munthu mowongoka bwino, bola wina akhale naye atagwira mutu. Ndipo ngakhale akunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo, alembedwe m'buku la chipatala kuti wagundidwa ndi galimoto, tsiku ndi nthawi. Mzere umenewo udzafunika kutsogolo.

Che_Mpondasi:
Mwati akwere pickup yomweyo? Imakhala itathawa kalekale.

Dalaivala_wa_Project:
Si onse othawa mlandu, Che Mpondasi. Ambiri amathawa miyala ndi moto, ndipo amakaima kupolisi. Lamulo limati uime, uone ovulala, uthandize, upereke dzina lako ndi la mwini galimoto, ndipo ukanene kupolisi mwamsanga. Koma gulu likayamba kutola miyala, wovulalayo ndi amene amataya galimoto yomutengera kuchipatala.

Ndinenenso zimene dalaivala amaona ali pampando, kuti makolo adziwe. Mu pickup yokwera, mwana wa zaka zitatu ataima moyandikira bampala saoneka konse. Boneti imamubisa yense. Ngozi zotere sizichitika pa liwiro, zimachitika pamsika, galimoto ikunyamuka pamene inaima pogula nsomba. Chinanso ndi chipilala cha pakati pa galasi lakutsogolo ndi la pachitseko. Pa galimoto zazikuluzi n'chonenepa, ndipo pokhotera kumanja chimabisa munthu wathunthu amene akuwoloka. Dalaivala wophunzira bwino amasuntha mutu kutsogolo ndi kumbuyo asanakhote, ndipo amazungulira galimoto asanailize ngati panali ana.

Mphunzitsi_wa_Masamu:
Tiikepo manambala. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, galimoto imayenda mamita 14 pa sekondi. Dalaivala kuti aone, aganize, phazi lifike pa buleki, imatha sekondi ndi theka, ndiwo mamita 21 asanagwire n'komwe. Kenaka mabuleki pa tala wouma amafuna mamita ena 14. Zonse 35. Pa 80 zimafika pafupifupi mamita 70. Pa 100 ndi pafupifupi mamita 100, bwalo lonse la mpira. Nyali zotsitsa usiku zimaunika mamita 50 kapena kuchepera apo, ndiye woyendetsa pa 100 ndi nyali zotsitsa amamuona munthu nthawi itatha kale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo cha imfa kwa woyenda pansi chimakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Kusiyana kwa 15 kokhako, kumene pa chiwongolero cha galimoto yatsopano sikumveka n'komwe.

Kabaza_Stage_yaDepoti:
Ife a njinga ndiye timangokankhidwira kumchenga ndi hutala. Aike mahampu pa Makawa basi.

Che_Mpondasi:
Mahampu opanda penti ndi chikwangwani nawonso amagwetsa anthu. Ndipo inu a kabaza yambani mwaika nyali kumbuyo. Madzulo pa mlatho wa Bakili Muluzi njinga zakapalasa zimangotulukira ngati mizukwa.

Kabaza_Stage_yaDepoti:
Nyali tigula, koma amene amapachika chambo pa galasi la m'mbali n'kumathamanga kuti chisawonongeke asanafike ku Blantyre, amenewo muwauze chiyani?

MayiWaNsomba_Koche:
Chambo cha pagalasi sichilakwa. Akanagula ayezi ndi kabokosi sakanathamanga, ndipo ayezi amapezeka pa Boma.

Abiti_Namiasi:
Abale, za chambo tidzakamba tsiku lina. Funso langa lachiwiri silinayankhidwe, ndipo ndi limene likusautsa amasiye.

Kalaliki_wa_Maloya:
Mayi, mlandu suthera pa ufa ndi sanda. Chipepeso ndi umunthu, chipukutamisozi ndi lamulo. Ndifotokoze mwadongosolo, mupirire kutalika.

Ngozi imodzi imabala milandu iwiri yosiyana. Woyamba ndi wa boma ndi dalaivala, wa kuyendetsa mosasamala kapena kupha munthu poyendetsa mosasamala. Amautengera kukhothi ndi apolisi. Dalaivala akalipitsidwa chindapusa, ndalamayo imalowa m'thumba la boma, banja silionako tambala. Anthu ambiri akamva kuti dalaivala walipira kupolisi kapena kukhothi amaganiza kuti zonse zatha. Wachiwiri ndi wanu, wofuna chipukutamisozi, ndipo palibe amene angauyambitse ngati inu simuuyambitsa.

Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene timati third party. Woyenda pansi ndiye munthu winayo. Gawo 148 la lamulo lomwelo limakulolani kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji m'dzina lanu, osadikira kuti mwini galimoto akuchitireni chifundo. Koma pali nthawi. Ufulu wosumira kampani mwachindunji umatha pakadutsa zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi. Mlandu wa kuvulala wosumira dalaivala ndi mwini galimoto, malinga ndi Limitation Act, uyenera kulowa m'khothi pasanathe zaka 3. Kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa wotchi imeneyi. Banja likhoza kuyenda miyezi 20 likuuzidwa kuti fayilo ili kwa abwana, n'kudzazindikira zaka 2 zakwana.

Osumiridwa amakhala atatu: dalaivala, mwini galimoto kapena bwana wake ngati dalaivalayo anali pantchito, ndi kampani ya inshuwalansi. Muwaike onse, chifukwa chake ndinena pansipa.

Che_Jafali_Namwera:
Achimwene, ndikumva, koma kwathu kuno imfa ndi ya Mulungu. Munthu wabwera modzichepetsa, wagwada pamaso pa eni mbumba, walira nafe. Kumutengeranso kukhothi kuli ngati kugulitsa mtembo. Akuluakulu ambiri sangavomere.

Kalaliki_wa_Maloya:
Bambo, mawu anu ndi olemera ndipo sindikuwapeputsa. Kukhululukira dalaivala ndi kwa banja, palibe angakuletseni. Koma ndalama yaikulu situluka m'thumba la amene wagwadayo. Iye analipira kale inshuwalansi chaka chilichonse kuti tsiku ngati limeneli kampani ilipire. Banja likakana, wopindula si dalaivala, ndi kampani. Ndipo ufuluwo si wa malume kapena wa mfumu, ndi wa mkazi wamasiye ndi ana amene ankadya kuchokera m'manja mwa malemu. Mwini mbumba akakana m'malo mwawo, fizi ya ana aja adzalipira ndi iye?

Abiti_Malindi:
Apa mwalasa. Pokambirana pamaliro amayi amakhala m'nyumba akulira, amuna ali pansi pa mtengo akugwirizana. Wamasiye amangouzidwa kuti zatha.

Wakale_wa_Inshuwalansi:
Chenjezo langa lili pa pepala. Landirani ufa, landirani ndalama ya maliro, palibe cholakwa. Koma musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunawerengeredwe m'Chichewa kapena m'Chiyao ndi munthu wanu. Mukaona mawu akuti full and final settlement, akutanthauza kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Ngati mwini galimoto akufuna umboni wa zimene wapereka, lembani nokha: talandira ndalama zakuti ndi matumba akuti ngati thandizo la pamaliro, tsiku lakuti, mboni awiri. Osawonjezera kuti nkhani yatha. Kampani nayonso ikamalipira imakupatsani pepala lotsekera fayilo. Mukasaina limenelo mwendo usanapole, kenaka fupa n'kukana kulumikizana, simungabwererenso.

Trafiki_Wopuma:
Za pamalo a ngozi. Mlandu umapambana kapena kugwa m'ola loyamba, pamene aliyense akulira ndipo palibe akuganiza za umboni. Wina mmodzi amene ali ndi foni achite izi pamene ena akuthandiza wovulala. Ajambule nambala ya galimoto kutsogolo ndi kumbuyo. Ajambule madisiki a pagalasi lakutsogolo moyandikira kuti ziwerengeke: dzina la kampani ya inshuwalansi, nambala yake, tsiku lothera, komanso COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ajambule pamene galimoto yaima isanasunthidwe, mizere yakuda ya matayala pa tala, pamene pagwera magalasi, nsapato kapena beseni, ndi chikwangwani cha liwiro ngati chilipo pafupi. Patapata wotsala pa mzere wachikasu wa m'mphepete amanena zambiri za pamene munthuyo anali. Ngati galimoto iyenera kunyamula wovulala, zungulizani matayala ake ndi khala kapena mwala musanaisunthe.

Mboni muzilembe pomwepo, mayina ndi manambala a foni. Wogulitsa tomato amene waona zonse lero, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mwina wapita ku Joni. Apolisi akabwera amayeza ndi kujambula mapu a malowo, ndipo wachibale akhalepo aone kuti malo ogundirana alozedwa olondola. Kenaka mudzapemphe lipoti la apolisi. Limalipiridwa, ndipo mulandire lisiti la boma. Muwerenge lipotilo musanachoke: dzina la wovulala lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika, nambala ya galimoto ikhale yolondola, kampani ya inshuwalansi ilembedwe. Chilembo chimodzi cholakwika pa nambala chimabweza fayilo miyezi.

Galimoto ikathawa osaima, ngakhale theka la nambala, mtundu ndi chizindikiro cha pachitseko zimathandiza. Nambala yathunthu apolisi amaifufuza ku Road Traffic n'kupeza mwini wake. Ndipo misewu yotulukira m'boma lino ndi yowerengeka, ya Liwonde, ya Golomoti, ya Chiponde. Foni yofulumira kupolisi imatha kuimitsa galimoto pa rodibuloko.

Shehe_wa_pa_Chowe:
Funso kwa a Trafiki. Ife timaika maliro mwamsanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Zimenezi zimasokoneza mlandu?

Trafiki_Wopuma:
Sizisokoneza, Shehe, bola thupi lidutse kuchipatala dokotala alione ndi kulemba chimene chapha munthuyo, apolisi akudziwa. Vuto limadza pamene munthu wafera pamsewu, abale n'kumunyamula molunjika kumudzi, kuika, opanda pepala lililonse. Pambuyo pake kampani imafunsa umboni wakuti anafa ndi ngoziyo. Kuchedwa maola ochepa kuti pepala lituluke kumateteza ana ake. Mukatero mukalembetse imfayo kuti mupeze chiphaso cha imfa.

Wakale_wa_Inshuwalansi:
Ndibwerere pa zimene a Kalaliki anati musumire onse atatu. Inshuwalansi ili ndi malire. Kwa zaka zambiri mapepala ambiri a third party akhala ndi malire a K5 miliyoni pa kuvulala kapena imfa, ndipo zigamulo zambiri za khothi zimatchula nambala imeneyi. Mabungwe ndi makampani ena amagula malire okwera, choncho loya wanu apemphe kuona pepala lenileni la galimotoyo. Kampani imalipira kufika pa malire ake basi. Chotsala chimagwera mwini galimoto ndi dalaivala. Mukasumira kampani yokha, chotsalacho mwachitaya.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa galimoto yogulitsidwa osasintha dzina pa blue book, inshuwalansi ili m'dzina la mwini wakale, kapena disiki yotha ntchito, kapena yachinyengo. Pamenepo kampani imakana, ndipo mumatsala ndi dalaivala ndi mwini galimoto pa chuma chawo. Pa ma twin cab a mabungwe nthawi zambiri mapepala amakhala abwino ndipo mwini wake amadziwika, ndiye banja lisagwe mphwayi.

MayiWaNsomba_Koche:
Nanga amawerengera bwanji? Wogulitsa usipa alibe pepala la malipiro.

Kalaliki_wa_Maloya:
Wovulala amalipidwa pa zinthu zingapo: ululu ndi kuvutika, kulephera kuchita zimene ankachita kale monga kuyenda, kulima kapena kupalasa bwato, zipsera ndi kupunduka, ndalama zimene wataya posagwira ntchito ndi zimene adzataye kutsogolo. Palinso zimene mwawononga, monga thiransipoti yopita ku Zomba Central kapena ku Queens, mankhwala, ndodo zoyendera, lipoti la apolisi ndi la chipatala. Zomalizazi khothi limafuna malisiti. Sungani kalikonse mu jumbo imodzi, ndipo pamene palibe lisiti, monga pa kabaza, lembani m'kope tsiku ndi ndalama.

Pa imfa pali ziwiri zazikulu: kufupikitsidwa kwa moyo wa malemu, ndi kutayika kwa thandizo kwa amene ankadalira iye. Chachiwirichi amawerengera motere. Tiyerekeze bambo ankapeza K150,000 pamwezi. Pachaka ndi K1,800,000. Khothi limasankha nambala ya zaka poona msinkhu wake, tinene 15, zikwana K27 miliyoni. Amachotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu limene akanadya yekha, kutsala K18 miliyoni. Nambalazi ndangopereka ngati chitsanzo, koma mukuona kutalika kwake ndi matumba awiri a ufa, komanso ndi malire a K5 miliyoni aja. Amene alibe pepala la malipiro, makhothi amagwiritsa ntchito malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa. Mayi wa usipa amene ali ndi kope la malonda, buku la banki mkhonde kapena mbiri ya Airtel Money ndi Mpamba akhoza kuonetsa kuti ankapeza zoposa pamenepo.

Dalaivala_wa_Project:
Koma tinene chilungamo, ena amawoloka ali pa foni, ena ataledzera, ena akuyenda kumanzere atafulatira galimoto atavala zakuda. Pamenepo dalaivala alipirenso?

Kalaliki_wa_Maloya:
Khothi limagawa kulakwa. Ngati chipukutamisozi chinali K6 miliyoni ndipo lapeza kuti woyenda pansi analakwa 30 peresenti, alandira K4.2 miliyoni. Sataya zonse pokhapokha dalaivala atapezeka kuti sanalakwe konse. Ndipo dalaivala amene akudutsa pamsika kapena pasukulu amayembekezeka kudziwa kuti mwana akhoza kudumphira mumsewu. Mwana wamng'ono samuyeza ndi muyeso wa munthu wamkulu. Mwanayo sasuma yekha, kholo kapena womulera amamuimira.

Mphunzitsi_wa_Masamu:
Pa zoyenda kumanzere a Dalaivala akunena zoona. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye woyenda pansi ayende kumanja kuti aziyang'anizana ndi zimene zikubwera. Ana obwera ku madrasa madzulo auzidwe zimenezi, ndipo wamkulu wawo anyamule tochi.

Che_Mpondasi:
Nanga ikakhala galimoto ya boma, ya nambala ya MG? Boma ungalisumire?

Kalaliki_wa_Maloya:
Mungathe. Wosumiridwa ndi Attorney General, loya wamkulu wa boma, koma lamulo limafuna kuti mumpatse kaye chidziwitso cholemba n'kudikira miyezi 3 musanatsegule mlandu. Miyezi imeneyo muiwerengere m'kati mwa nthawi yanu, musayambe mochedwa. Kulipira kwa boma kumatenga nthawi ngakhale mutapambana, koma chigamulo chili m'manja ndi ngongole imene boma lili nayo kwa inu. Galimoto ya nambala yakunja, monga zolowera pa Chiponde, imayenera kukhala ndi inshuwalansi yogwira ntchito m'Malawi muno, ndipo pepala lake limakhala m'galimoto. Apolisi alijambule galimotoyo isanaloledwe kubwerera, chifukwa ikawoloka malire kuipezanso n'kovuta.

Abiti_Malindi:
Chenjezani anthu za madobadoba a m'mawodi. Munthu ali pa bedi mwendo uli pa chitsulo, wina wafika ndi fomu, akuti ndine wa kwa loya, dindani apa.

Paralegal_KumMawa:
Amenewo ndi amene amadyera amasiye. Amatenga lipoti la apolisi ndi la chipatala, mapepala enieni, n'kusowa. Pakatha zaka ziwiri amabwera ndi envulopu yopyapyala, osanena kuti kampani inalipira zingati. Zodzitetezera ndi izi. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu musanapange fotokope. Loya mukamuone nokha ku ofesi yake, mudziwe dzina lake, osati la wothamanga wake. Mugwirizane za malipiro ake polemba mlandu usanayambe. Mufunse nambala ya mlandu ya kukhothi. Ndalama ikatuluka mupemphe kuona chigamulo kapena kalata ya kampani yosonyeza ndalama yonse, ndi pepala losonyeza zimene zachotsedwa. Loya akakana, dandaulo limapita ku Malawi Law Society. Kampani ya inshuwalansi ikamazengereza popanda chifukwa, kuli ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank imene imalandira madandaulo a anthu. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ndi ya boma ndipo inakhazikitsidwira anthu otere. Khothi la majisitireti lili ndi malire a ndalama zimene lingagamule, choncho milandu ikuluikulu ya kuno imapita ku High Court ku Zomba kapena ku Blantyre.

Pa imfa, banja ligwirizane msanga amene aimire onse, ndipo mayina a ana onse alembedwe, a kwa mayi wamkulu ndi a kwa mayi wamng'ono omwe. Mwana wosiyidwa pa mndandanda amadzayambitsa mkangano ndalama itagawidwa kale.

Che_Jafali_Namwera:
Ngati ndalamayo ndi ya ana ndipo siichokera m'thumba la wogwada uja, ndiye nkhaniyi ndiyenera kukaikamba ndi akuluakulu anzanga. Koma a Paralegal, wovulala apite liti kukatenga lipoti la chipatala? Ena akuti sabata yomweyo.

Namwino_Usiku:
Sabata yomweyo ayi, bambo. Buku la chipatala ndi zithunzi za X-ray zisungidwe kuyambira tsiku loyamba, koma lipoti lotchula peresenti ya kupunduka lilembedwe pamene a mafupa aona mmene mwendo wathera. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi kuti ligwire, la m'chiuno nthawi zina kupitirira. Pa sabata yachiwiri palibe angadziwe ngati mwendo udzafupika, ngati bondo lidzapinda, kapena ngati munthuyo adzathenso kukoka khoka. Wovulala m'mutu abale ayang'anire kuiwalaiwala, kukwiya msanga, mutu wosatha ndi kukomoka, ndipo akanene kuti zilembedwe m'buku, chifukwa zimenezi sizioneka pa chithunzi cha fupa.

Paralegal_KumMawa:
Ndipo podikira kuti fupa ligwire musakhale chete. Kalata yodziwitsa kampani ya inshuwalansi ipite mwezi woyamba, ndi fotokope ya lipoti la apolisi, ndipo kope lanu alidinde chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Tsiku la ngozi mulilembe pachikuto cha buku la chipatala. Chaka chikakwana kampani isanalipire, loya atsegule mlandu kukhothi, zokambiranazo zizipitirira mlandu uli kale m'kaundula.